Manja anatuluka matuza titabzala chimanga chofiira: kodi poizoni walowa m'magazi?

"Adokotala, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kwa Nankumba kuno ku Mangochi. Mvula itagwa tinabzala chimanga chogula, chija chopaka mankhwala ofiira, masiku awiri otsatizana, ine ndi bambo a kunyumba. Tsiku loyamba manja ankangonyerenyesa, sindinalabadire. Pofika tsiku lachitatu pakati pa zala panatuluka timatuza tamadzi, m'chiuno mbali ya kumanja mwatuluka zidzolo, zikope nazo zatupa pang'ono. Usiku sindigona n'kuyabwa. Chaka chatha zinachitikanso koma pang'ono. Apongozi akuti ndi mphere, ena akuti ndinaponda mankhwala a anthu m'munda. Bambowo pakhungu alibe kanthu, koma madzulo a tsiku lachiwiri atamwa mowa pang'ono nkhope inayamba kutentha, mtima kuthamanga, mpaka anasanza. Ndili ndi mwana woyamwa wa miyezi 8. Kodi poizoni walowa m'magazi? Ndimusiyitse bere? Komanso mbewu yatsala pafupifupi theka la paketi, ndikaitsuka bwinobwino sindingapatse nkhuku?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi masiku osagonawa. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtendere kwambiri. Malinga ndi mmene mwafotokozera, vuto lanu lili pakhungu, silili m'magazi. Munthu amene mankhwala amulowa m'thupi mochuluka sadikira masiku atatu kuti adziwe. Chizungulire, mutu, nseru ndi kufooka zimamupeza tsiku lomwelo. Inu mukuphika, mukutunga madzi, mukulera mwana, chokuvutani ndi kuyabwa ndi matuza. Zoterezi zimapola, kawirikawiri pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu, bola khungu lisiye kukumana ndi chimene chinaliputacho. Mwanayo musamusiyitse bere, ndifotokoza kutsogoloku. Koma mbewu yotsalayo nkhuku musazipatse, ngakhale muitsuke kakhumi.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuona odwala khungu kuno kunyanja, Novembala ndi Disembala ndi miyezi imene ndimayamba ndayang'ana zikhadabo za munthu asanamalize n'komwe kufotokoza. Nthawi zambiri m'kati mwa zikhadabo mumakhala mukuonekabe kufiira kapena kubiriwira kwa mbewu, ngakhale papita masiku anayi. Kenako ndimayang'ana malo amene zidzolo zatuluka, chifukwa malowo amakhala ngati mapazi a mankhwala pamchenga: amaonetsa pamene anadutsa. Taonani inu. Pakati pa zala, ndi pamene njere zimatsetsereka popita m'phando. M'chiuno mbali imodzi yokha, ya kumanja. Ndikukhulupirira kuti mbewu munaimanga pansonga ya chitenje n'kuipanira m'chiunomo kuti dzanja lizifika msanga, monga amachitira amayi ambiri. Nsaluyo inanyowa ndi thukuta, mankhwala anasungunuka, n'kukhala atakhudza khungu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Zikope, ndi pamene munkapukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja. Matenda ochokera m'magazi sasankha malo chotero. Ngakhale za kuponda mankhwala a anthu zija, ganizirani kuti mapazi anu, amene ndiwo anaponda m'mundamo, alibe kanthu.

Ndiye pambewupo pali chiyani? Utoto wofiira, wobiriwira kapena wapepo uja si umene umagwira ntchito. Amauika dala kuti aliyense aone kuti chimangachi si chakudya. Pansi pa utotowo pali mankhwala a mitundu iwiri. Ena ndi oteteza njere kuti isawole ndi chuku ili m'dothi, monga thiram, captan, metalaxyl ndi fludioxonil. Ena ndi opha tizilombo todya njere ndi kambewu kongomera kumene, monga imidacloprid ndi thiamethoxam. Kampani iliyonse ili ndi kasakanizidwe kake, ndipo mayinawa amalembedwa papaketi kapena pakapepala kosokerera pakamwa pa thumba. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti paketiyo muisunge, muwerenge, kapena muijambule pafoni. Mankhwalawa ndi othandiza, sindikufuna kuti muwaope mpaka kusiya mbewu yabwino. Panjere imodzi amakhala ochepetsetsa. Vuto ndi kuchuluka kwa njere. Mukabzala mwa Sasakawa, njere imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25 pamizere yotalikirana masentimita 75, ekala imodzi imadya njere zoposa 21,000. Zonsezo zimadutsa m'zala za anthu awiri, zala zonyowa, mwina zong'aluka kale ndi mpini wa khasu pogalauza. Onjezerani kutentha kwa kwathu kuno. Khungu lotentha ndi lonyowa limamwa mankhwala msanga kuposa louma. Mlimi wa ku Dedza akhoza kugwira mbewu yomweyo m'mawa wozizira osamva kanthu, wa kwa Nankumba kapena kwa Chimwala n'kupsa nayo manja.

Pali njira ziwiri zimene khungu limakanira mankhwala, ndipo ndikufuna muzisiyanitse bwino chifukwa tsogolo lake ndi losiyana.

Yoyamba ndi kupsa wamba, ngati mmene manja amachitira mukachapa tsiku lonse ndi sopo wa ufa. Kumayamba tsiku lomwelo, kumawotcha kuposa kuyabwa, khungu limauma, limathetheka, kenako limasupuka. Kumagwira aliyense amene wagwira mbewu nthawi yaitali, ndipo kumathera pamene mankhwala anakhudza pokhapo. Mukasiya kugwira, masiku ochepa zatha.

Yachiwiri ndi imene timati alaje, pamene thupi lenilenilo ladana ndi mankhwala ena ake n'kuwasunga mumtima. Imeneyi nthawi zambiri siyamba chaka choyamba kugwira. Munthu amabzala zaka zisanu, zaka khumi osaona kanthu, thupi likungowazindikira pang'onopang'ono. Tsiku lina limatembenuka. Kuyambira pamenepo, likangokumana nawo, ngakhale ochepa bwanji, pakapita tsiku limodzi mpaka atatu pamatuluka timatuza tating'ono toyabwa koopsa, khungu lopyapyala ngati la zikope limatupa, ndipo zidzolo zimatha kudumpha malire a pamene mankhwala anakhudza. Kalata yanu ikundionetsa zonse ziwiri: kunyerenyesa kwa tsiku loyamba kunali kupsa, matuza a tsiku lachitatu ndi alaje. Mawu anu akuti "chaka chatha zinachitikanso koma pang'ono" ndi amene andigwira mtima kwambiri, chifukwa ndi khalidwe lake la alaje: chaka chilichonse imabwera mwamphamvu kuposa chapitacho. Sizipatsirana, si matenda obisika, koma thupi siliiwala. Kunena kuti "ndizolowera" n'kudzinamiza. N'chifukwa chakenso amuna anu anagwira mbewu yomweyo khungu lawo n'kukhala bwinobwino. Thupi lawo silinadane nawo, lanu linadana nawo.

Mwa mankhwala ndatchula aja, thiram ndi captan ndi amene amadziwika kwambiri poyambitsa alaje ya pakhungu. Thiram ali ndi nkhani ina imene alimi ambiri sanaimvepo: abale ake a mankhwalawa amagwiritsidwa ntchito popanga labala. Choncho munthu amene thupi lake ladana ndi thiram nthawi zina amatuluka zidzolo akavala magolovesi a labala, majombo, nkhwaira za matayala, ngakhale lasitiki wa m'chiuno mwa kabudula wam'kati. Ndinaonapo mnyamata wa ganyu amene abwana ake anamugulira magolovesi akuda a labala pomumvera chisoni, manja ake n'kuipiraipira mpaka kugongono. Onse ankati mankhwala akulowabe. Titamuvula magolovesiwo n'kumupatsa a pulasitiki, sabata yachiwiri anali akugwira khasu. Ngati munaonapo mapazi akuyabwa motsata zingwe za patapata, mukawauze a kuchipatala zimenezi.

Thiram yemweyo akhoza kukhala amene anadwalitsa amuna anu. Ndi m'bale wa disulfiram, mankhwala amene madokotala amapatsa anthu ofuna kusiya mowa. Amatsekereza chiwindi kuti chisamalize kugaya mowa, ndiye zotsalira zake zimadzadza m'magazi: nkhope kutentha, mutu kuwawa, mtima kugunda ngati ng'oma, thukuta, kusanza. Munthu amene wakhala tsiku lonse akupuma fumbi la mbewu ndi kuigwira, madzulo n'kumwa ngakhale chipanda chimodzi cha masese kapena kapu ya kachasu, zimatha kumuchitikira. Kawirikawiri zimatha pa maola ochepa. Muwauze mwaulemu bambowo kuti masiku obzala, ndi sabata yotsatira, mowa ayambe aupumira. Zikadzachitikanso n'kumva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kukomoka, asagone nazo kunyumba.

Pali malo ena amene anthu salemba m'makalata koma amabwera nawo kuchipatala atazunzika nawo masiku. Bambo wina wachikulire anafika atavala chipewa chotsitsa kumaso, analowa n'kutseka yekha chitseko. Kumaliseche kunali kotupa, kofiira, kosupuka. Kunyumba kunali kutabuka kale mkangano, mayi akuti mwatenga matenda kwina, bambo akulumbira kuti sanayende. Ndinayang'ana zikhadabo zawo, zinali zofiira. Ndinawafunsa ngati pobzala ankapita kukataya madzi kuthengo osasamba m'manja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Nanga kumunda madzi osamba angachokere kuti?" Tinawayeza ndithu matenda opatsirana, analibe. Khungu la kumaliseche, la m'khwapa, la kumaso ndi la m'makutu limamwa mankhwala mochuluka kwambiri kuposa la padzanja. Tsiku lotsatira anabwera ndi akazi awo kuti amve okha. Ndikulemba izi kuti mabanja ena asafike pa ankhoswe chifukwa cha paketi ya chimanga.

Apongozi anu sanalakwe kuganizira mphere, chifukwa nazo zimakonda pakati pa zala ndi m'chiuno ndipo zimayabwa kwambiri usiku. Kusiyana kwake ndi uku: mphere zimayamba pang'onopang'ono kwa masabata, zimazungulira chiuno chonse osati mbali imodzi, sizitupitsa zikope za munthu wamkulu, ndipo sizikhala za munthu mmodzi m'nyumba. Yang'anani mwana wanu woyamwayo m'mapazi, m'manja ndi m'khwapa, yang'ananinso ana enawo. Ngati onse ali bwino ndipo amuna anu amene mumafunda nawo chofunda chimodzi sakukanda, mphere n'zokayikitsa. Ngati wina akukanda, pitani nonse, chifukwa mankhwala ake ndi ena ndipo amapaka banja lonse tsiku limodzi. Chitedze chimayabwa nthawi yomweyo ndipo chimatha tsiku lomwelo. Zidzolo za thukuta zimakhala zing'onozing'ono pamsana, pakhosi ndi pansi pa mabere. Mashingozi amagwira mbali imodzi ya thupi ngati lamba, koma amawawa ngati moto kuposa kuyabwa. Ngati za m'chiunozo zikuwawa chotero, mukaonetse msanga. Chimodzi chokha chimene sindifuna kuti chisokonezedwe ndi mbewu: ngati mwayamba kumene kumwa mankhwala ena, monga Bactrim, ma ARV atsopano, a TB kapena a khunyu, ndiye zidzolo zafalikira thupi lonse, m'kamwa mwatuluka zilonda, maso afiira, thupi latentha, pitani kuchipatala lero lomwe.

Tsopano chochita. Sambani thupi lonse ndi sopo wamba wa mtanda ndi madzi ambiri ozizira, wengani zikhadabo ndi kuchotsa zofiira zotsalira m'katimo. Mukatero musamasambenso ndi sopo kangapo patsiku, khungu lapsa kale. Chitenje chija, bulauzi ndi mpango zimene munavala pobzala zichapidwe pazokha, osaphatikiza ndi matewera kapena zovala za mwana, ndipo azichape wina, osati inu. Anthu ambiri amene amandiuza kuti zidzolo sizikutha ndimapeza kuti akuvalabe nsalu yomweyo yosachapa. Pamene pali matuza ikani kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15, katatu patsiku. Matuzawo musawaboole ndi minga kapena singano. Akaphulika okha, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira othira kamchere pang'ono. Pamene pauma n'kuyamba kusweka pakani Vaseline wamba wopanda fungo, kangapo patsiku, makamaka mukangochoka m'madzi.

Kuchipatala kapena ku famase kuli kirimu wa hydrocortisone wa 1%, wopaka mopyapyala kawiri patsiku kwa sabata imodzi. M'chiuno amagwira bwino. M'manja khungu ndi lokhuthala, nthawi zambiri pamafunika wamphamvupo monga betamethasone, koma ameneyo akulembereni ndi a chipatala, ndipo asafike kumaso kapena pazikope. Zikopezo ingoziikani kansalu kozizira kufikira wina ataziona. Pa kuyabwa kwa usiku alipo mapiritsi. Piriton amagonetsa ndipo amatha kufooketsa mwana woyamwa, choncho nenani kuti mukuyamwitsa kuti akupatseni ena monga cetirizine kapena loratadine ngati alipo.

Zimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musapake: parafini, Jik, mankhwala otsukira mano, madzi a m'batire, mandimu, phulusa, mafuta a galimoto, ndi makirimu oyeretsa khungu ogula pamsika. Zonsezi ndaziona pamanja a anthu. Zimaziziritsa kuyabwa kwa kanthawi chifukwa zikuwotcha, mawa lake bala lakula kawiri. Masamba osinja osadziwika nawo pakhungu losupuka amalowetsa dothi ndi majeremusi. Ndipo mkaka, umene ambiri amathamangira akamva za poizoni, suchotsa mankhwala m'thupi.

Kwa inu ndinganene kuti pitani kuchipatala chapafupi sabata yomwe ino, osadikira, chifukwa zafika kuzikope ndipo ndi chaka chachiwiri. Tengani paketi ya mbewu. Pemphani kuti dzina la mankhwalawo lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, lidzakuthandizani zaka zikubwerazi. Zikapitirira masabata atatu, kapena zikamabwerera popanda kugwira mbewu, pemphani kalata yokaonana ndi a zakhungu kuchipatala chachikulu cha pa Boma. Iwo akaona kuti n'kofunika amatumiza ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Musadikire n'komwe mawa ngati matuza asanduka mafinya kapena nkhanambo zachikasu, kufiira kukukwera m'mkono, mwanabere watuluka m'khwapa, thupi latentha, kapena diso lenilenilo lafiira, likuwawa, likuona mwachimbuuzi. Odwala shuga ndi amene chitetezo chawo chili chotsika, mabala a m'manja amawaipira msanga, asazengereze. Ndipo pali zizindikiro za ngozi zimene munthu amakwezedwa nazo pakabaza nthawi yomweyo, kaya ndi ku Monkey Bay, ku Malindi, ku Namwera kapena kulikonse kuli pafupi: milomo, lilime kapena nkhope kutupa mofulumira, kubanika, ziwengo zotupa thupi lonse patangopita mphindi zochepa, kusanza kosalekeza, dovu ndi thukuta losaneneka, kunjenjemera, kukomoka. Mwana akadya njere zofiira, musamusanzitse pomulowetsa chala kukhosi. Mutsukeni m'kamwa, nyamulani mwana ndi paketi, nyamukani.

Za kuyamwitsa. Mankhwala amene angadutse pakhungu n'kufika mumkaka pa ntchito ya masiku awiri ndi ochepa kwambiri, pamene kumusiyitsa bere mwana wa miyezi 8 nyengo ya dzinja ino, ya kutsegula m'mimba ndi malungo, ndi ngozi yeniyeni. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi manja. Mwana walira pansi pa mtengo m'mbali mwa munda, mayi asiya khasu, atulutsa bere ndi dzanja lofiira lija, apukuta mwana kukamwa ndi chitenje chomwe munali mbewu. Mankhwala afika m'kamwa mwa mwana osadzera mumkaka n'komwe. Choncho sambani m'manja ndi sopo musanamugwire, ndipo kirimu wopakayo asakhale pansonga ya bere. Masiku obzala, ngati pali agogo kapena mchemwali woti n'kumusungira kunyumba kapena pamthunzi kutali ndi mbewu, ndi bwino kuposa kumubereka. Amayi oyembekezera ndimawalangiza kuti ntchito yoponya mbewu yopaka asiyire ena, iwo azikwirira kapena kuchita zina.

Ndifike pa theka la paketi lija, ndipo pano ndilimbitsa mawu. Madzi amachotsa utoto, koma mankhwala ena amakhala atamatirira ndi kulowerera m'khungu la njere. Chimanga chimaoneka choyera, chiphe chikadalimo. Ku Iraq mu 1971 boma linagawa mbewu ya tirigu yopaka mankhwala a mekyule (chitsulo chamadzimadzi cha poizoni), ya utoto wofiirira. Inafika mochedwa, nyengo yobzala itapita, ndipo machenjezo a pamatumba anali m'zilankhulo zimene alimi sankazimva. Anthu anaitsuka, ataona kuti utoto wachoka anaipera n'kuphika buledi. Anthu 6,530 anagonekedwa m'zipatala, 459 anafera m'zipatalamo, osawerengera amene anafera m'midzi. Mankhwala a mekyulewo masiku ano sapakanso pambewu, a lero ndi ofatsirapo, koma maganizo akuti "ndatsuka, yayera" ndi omwewo, ndipo amabwera mwamphamvu mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka. Musaikazinge, musaikonole, musaisakanize ndi china popita kuchigayo, chifukwa mukatero mwaipitsanso ufa wa amene ali pambuyo panu pamzere. Nkhuku zikadya mbewu ya thiram zimaikira mazira a chikamba chofewa kapena kusiyiratu kuikira, anapiye amapindika miyendo. Mankhwala opha tizilombo aja, njere zochepa chabe zimatha kupha nkhunda ndi mbalame zing'onozing'ono. Ndiye nkhuku yofa choncho pakhomo pa ana anayi, mukudziwa nokha kuti sitayidwa.

Mbewu yotsalayo ntchito yake ilipo. Imangeni m'paketi yake yomweyo, muipachike pamwamba, pouma, posafika ana, kutali ndi ufa, usipa ndi mchere. Idzakuthandizani kupakiza momwe simunamere, kapena kudimba mvula ikatha. Paketi ikatha musasungiremo chakudya, musaipatse ana kuti apangire mpira. Iboolereni n'kuikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Madzi ochapira zovala zija atayidwenso m'dzenje, osati pamjigo, osati m'nyanja kapena mumtsinje, chifukwa thiram amapha nsomba ngakhale atakhala wochepa. Chimanga chimene mudzakolole m'munda umenewu ndi chabwinobwino, idyani mosaopa. Kamankhwala ka panjere imodzi kamakhala katatha kalekale chisanafike pokhwima.

Nanga chaka chamawa? Kunena zoona, kwa inu njira yabwino koposa ndi kusinthana ntchito: bambo kapena wina aziponya mbewu, inu muzitchola mapando kapena kukwirira ndi khasu. Thupi limene ladana kale ndi mankhwala silifuna ambiri kuti liyambenso. Ngati palibe kuchitira mwina, pakati pa khungu ndi mbewu pakhale chotchinga. Magolovesi a pulasitiki, amene amalembedwa PVC kapena vinyl, ndi amene ndimakonda kwa anthu ngati inu. A nsalu kapena a ubweya ndi oipa kuposa dzanja lamanjamanja chifukwa amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Ndikudziwa kuti golovesi padzuwa la Mangochi ndi chilango, m'kati mumadzadza thukuta. Bzalani m'mamawa ndi madzulo, popuma tsukani golovesiyo kunja musanaivule, manja apume. Popanda golovesi, pepala lolimba la shuga lomangidwa pamkono limathandiza. Alimi ena amathira mbewu m'botolo la pulasitiki, n'kuboola chitsekerero bowo lotulukira njere imodzi kapena ziwiri, ndiye amangogwedeza paphando, dzanja osakhudza mbewu n'komwe. Poyamba zimachedwetsa, koma dzanja likazolowera zimayenda. Kudzola Vaseline musanayambe sikuteteza mokwanira, fumbi limangomatirira pamafutapo.

Mbewu ikhale m'kachitini kapena kabeseni kake kosadyeramo, osati m'chitenje, m'thumba la malaya kapena m'chipewa. Paketi tsegulani ndi mpeni, osati ndi mano, ndipo pokhuthula mphepo ikhale kumsana kwanu chifukwa fumbi la pansi pa paketi ndi limene lili ndi mankhwala ochuluka. Mbewu yopaka musainyike m'madzi usiku kuti imere msanga: mukutsuka chitetezo chimene munalipira, n'kupanga beseni la madzi a chiphe pakhomo. Amene amapaka okha mankhwala a ufa pa mtedza, nyemba kapena soya, asavundule ndi manja m'beseni. Athire m'chigubu chotseka n'kugubuduza. Olima thonje, malangizo ndi omwewa. Ndipo musagule mbewu yoyeza ndi kapu kuchokera m'thumba lotsegula pamsika. Ina imakhala chimanga wamba chopakidwa utoto wosadziwika, ndipo munthu akapsa nayo sitikhala ndi pepala loti tiwerenge. Gulani yomata bwino, yokhala ndi chizindikiro chake, kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo mukakayika funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Funso la bambo aja, lakuti kumunda madzi osamba angachokere kuti, yankho lake ndi kachigubu ka malita asanu ndi kachidutswa ka sopo, zonyamula pamodzi ndi khasu, zosiyana ndi madzi akumwa. Musambe musanadye, musanamwe thobwa, musanapite kuthengo, musanayamwitse, bambo asanapichire fodya. Mukafika kunyumba musayambe ndi kusamba m'beseni limodzi ndi ana pokadya nsima. Yambani mwasintha zovala ndi kusamba panokha. Sabata ino, manja akadali ndi matuza, kupakiza asiyireni bambowo, ndipo zochapa ndi kutsuka mbale akuthandizeni ana okulirapo mpaka khungu litatseka.